MPHAKA AKAMAVUTIKA POKODZA: ZA TIMIYALA TA M'CHIKHODZODZO

Tsiku lina m'nyengo ya chilimwe ndidali pa ulendo woyendera zimbudzi ndi maenje a zinyalala m'mudzi wina wa m'dera langa. Ndidafika pakhomo pa mayi ena achikulire amene pabwalo pawo pamakhala posesedwa nthawi zonse. Nditatsiriza ntchito yanga, iwo adandiitanira kuseri kwa nkhokwe nati, "Bambo a zaumoyo, inu mumaona zambiri. Tandionerani mphaka wangayu. Chiyambire dzulo akungonjuta pamchenga ngati wadzimbidwa, koma palibe chimene chikutuluka."

Mphakayo adali wamphongo, wonenepa bwino. Ankafukula mchenga, n'kunjuta, n'kulira, kenaka n'kudzinyambita kunsi kwa mchira. Pamene adachokapo padali timadontho tiwiri tofiirira basi. Ndidawauza kuti, "Mayi, uku si kudzimbidwa ayi. Njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo ayenera kuonana ndi dokotala wa ziweto lero lomwe." Mdzukulu wawo adamuika m'dengu, namangirira pa njinga. Dokotala adatsegula njirayo madzulo omwewo, ndipo atamuunika adapeza timiyala m'chikhodzodzo.

Wina angafunse kuti, kodi nkhani ya mphaka ikufunanji m'magazini ya zaumoyo? Yankho lake n'lapafupi. Mphaka ndiye mlonda wa nkhokwe ndi khitchini. Makoswe amadya chimanga chathu, amaipitsa chakudya ndi mkodzo ndi zitosi zawo, ndiponso utitiri wawo umafalitsa matenda. Chinanso n'chakuti mphaka wodwala chikhodzodzo amakodza pamphasa ndi pazofunda, ndipo ululu ukakula amaluma. Chotero matenda ake amakhudza ukhondo wa banja lonse.

TIMIYALA TIMENETI N'CHIYANI?

Mphaka, monganso munthu, ali ndi impso ziwiri zimene zimasefa magazi usana ndi usiku. Zoipa zonse zimatuluka pamodzi ndi madzi, n'kutsikira m'kathumba kotchedwa chikhodzodzo. Mumkodzo muli michere yamitundumitundu yosungunuka. Mayi aliyense amadziwa kuti madzi a pachitsime chamchere akaphwera mumphika, pansi pake pamatsala zoyera. Zimenezi zimachitikanso m'chikhodzodzo. Madzi akachepa, michere ija imaundana. Poyamba imaoneka ngati mchenga wosalala, koma pakapita nthawi imagwirana n'kusanduka timiyala. Tina timakhala ngati njere ya mapira, tina timafika pa msinkhu wa nyemba. Timiyalati timakanda khungu la m'kati mwa chikhodzodzo, ndiye chifukwa chake mphaka amamva ululu ndi kukodza magazi.

Mitundu ikuluikulu ya timiyalati ndi iwiri. Mtundu woyamba umatchedwa struvite. Umapangidwa ndi maginiziyamu, amoniya ndi fosifeti, ndipo umakula msanga mumkodzo wochepa asidi. Mtundu wachiwiri umatchedwa calcium oxalate, ndipo umakonda mkodzo wa asidi wochulukirapo. Kusiyana kwake n'kofunika kwambiri, pakuti struvite amasungunuka ndi chakudya chapadera, pamene calcium oxalate sasungunuka ndi chakudya kapena mankhwala alionse.

Ku America, pa yunivesite ya Minnesota, kuli malo opimirako timiyala tochokera m'ziweto otchedwa Minnesota Urolith Center, amene adakhazikitsidwa ndi Dr. Carl Osborne m'chaka cha 1981. M'chaka chimenecho, pa timiyala 100 tilitonse ta amphaka timene adalandira, 78 tidali ta struvite ndipo 2 tokha tidali ta calcium oxalate. Opanga zakudya za amphaka atachepetsa maginiziyamu ndi kukonza chakudya choonjezera asidi mumkodzo, zinthu zidatembenuka. Pofika 2002, timiyala 55 pa 100 tidali ta calcium oxalate ndipo 33 tidali ta struvite. Apa tikuphunzirapo kuti chakudya chothetsa mtundu umodzi chikhoza kutsegulira khomo mtundu winawo. N'chifukwa chake mwini mphaka sayenera kungolota yekha mtundu wa timiyala.

Awerengi adziwenso izi. Timiyala si matenda opatsirana. Mphaka sangapatsire mphaka mnzake, ndipo sangapatsire munthu. Ena akaona magazi mumkodzo wa mphaka amaganiza za likodzo, koma likodzo la m'chikhodzodzo ndi matenda a anthu amene timawatenga posamba kapena kuchapa m'madzi okhala ndi nkhono. Si ufitinso ayi. Ndi michere imene yaundana chifukwa chosowa madzi oisungunula.

CHIFUKWA CHIYANI VUTOLI LIMAKONDA AMPHAKA?

Kholo la mphaka wa pakhomo ndi vumbwe, nyama yozolowera malo ouma. Vumbwe samwa madzi kawirikawiri, chifukwa madzi ake amawapeza m'nyama zimene wagwira. Thupi la mbewa, mwachitsanzo, pafupifupi magawo 70 pa 100 ndi madzi. Mphaka wathu adatengera khalidwe limeneli. Ludzu samalimva msanga, ndipo impso zake zimasunga madzi n'kutulutsa mkodzo wochepa koma wamphamvu.

Tsono taganizani za mphaka wa masiku ano. Wa m'tauni amadya chakudya chouma cha m'mapaketi chimene madzi ake ndi magawo 10 okha pa 100, pamene cha m'zitini chili ndi magawo 75 kufikira 80. Wa kumudzi amaponyeredwa mkute wa nsima ndi mitu ya usipa wouma, ndipo mbale ya madzi ambiri saiganizira n'komwe. Nsomba zing'onozing'ono zouma zimadyedwa ndi minga yake yomwe, ndipo mingayo ili ndi michere yambiri. Zakudya zochokera ku mbewu, monga nsima, zimachepetsa asidi mumkodzo, pamene nyama imamuonjezera. Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo nsima yokha siimukwanira.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amphaka onenepa kwambiri, ongokhala m'nyumba osayendayenda, ndi amene amasunga mkodzo nthawi yaitali chifukwa malo awo okodzera ndi auve kapena akuopa galu. Amphaka ofulidwa amanenepa msanga ngati chakudya sichiyezedwa. Izi sizikutanthauza kuti kufula n'koipa. Kumathandiza kuchepetsa amphaka osowa mwini ndi ndewu za usiku. Chofunika n'kuyang'anira kuti asanenepe mopitirira.

ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUZIDZIWA

1. Kupita pokodzera kawirikawiri koma n'kungotulutsa timadontho.
2. Kunjuta nthawi yaitali, kudzikakamiza ndi kulira.
3. Mkodzo wofiira kapena wooneka ngati madzi otsukira nyama.
4. Kudzinyambita kunsi kwa mchira mosalekeza.
5. Kukodza pamalo achilendo monga pamphasa, pabedi kapena pasimenti yozizira, chonsecho kale adali waukhondo.
6. Kubisala, kukwiya msanga ndi kukana kugwidwa pamimba.

Zizindikiro zimenezi sizisonyeza timiyala nthawi zonse. Amphaka ambiri, makamaka amene sadakalambe, amatupa chikhodzodzo popanda mwala uliwonse, ndipo kawirikawiri zimayamba akasokonezeka mtima, monga posamuka nyumba kapena pakabwera mphaka wachilendo. Ndi maso okha simungasiyanitse. Wosiyanitsa ndi dokotala, atapima mkodzo ndi kuunika m'mimba.

NGOZI YAIKULU: KUTSEKEKA KWA NJIRA

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Njira ya mkodzo ya mphaka wamkazi ndi yaifupi ndi yotakasuka, kotero timiyala tating'ono timatha kudutsa. Ya mphaka wamphongo ndi yaitali, ndipo chakumapeto ndi yopapatiza kwambiri. Kamwala kamodzi, ngakhale mchenga wosakanizika ndi zonanda za m'chikhodzodzo, kakhoza kuitseka monga chitsekerero cha botolo.

Njira ikatsekeka, chikhodzodzo chimadzaza n'kuuma gwa, mwina kufika pa kukula kwa lalanje. Impso zimalephera kugwira ntchito, ndipo zoipa zimabwerera m'magazi. Likangotha tsiku limodzi, mphaka amayamba kusanza, kukana chakudya ndi kufooka. Mchere wotchedwa potaziyamu umachuluka m'magazi n'kusokoneza kagundidwe ka mtima. Popanda chithandizo, mphaka wotere akhoza kufa pa masiku awiri kapena atatu okha.

Chotero mukaona mphaka wamphongo akudzikakamiza koma osatulutsa mkodzo, musadikire kuti kuche, musadikire Lolemba, musadikire malipiro a pa mwezi. Akuluakulu adati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ndipo musayese kufinya mimba yake kuti mkodzo utuluke, pakuti chikhodzodzo chodzaza chikhoza kuphulika. Muikeni m'dengu kapena m'katoni yobooledwa, muyale kansanza pansi, mutseke bwino, ndipo nyamukani.

ZIMENE DOKOTALA WA ZIWETO AMACHITA

M'mizinda ikuluikulu muli zipatala za ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira zinyama la LSPCA limene lili ndi chipatala chake. Okhala kumudzi ayambe aonana ndi alangizi a ziweto a m'dera lawo kapena ofesi ya za ziweto ya pa boma, amene angawalozere kumene kuli dokotala ndi zipangizo.

Ngati njira yatsekeka, dokotala amagoneka mphaka ndi mankhwala, n'kulowetsa kachubu kotsegulira njirayo ndi kutsuka chikhodzodzo. Amamuikanso diripi yotsuka magazi, ndipo kawirikawiri kachubuko kamakhala tsiku limodzi kufikira atatu. Kenaka amapima mkodzo ndi kujambula ekisire kapena kuunika ndi makina oonera m'mimba kuti adziwe kuchuluka ndi kukula kwa timiyala.

Ngati zikuoneka kuti ndi struvite, mphaka amapatsidwa chakudya chapadera chosungunula timiyala. Nthawi zambiri timatha pakati pa sabata imodzi ndi masabata anayi. Pa nthawi yonseyi asalawe kanthu kena kalikonse, ngakhale kamutu ka usipa, pakuti chakudya china chimaononga ntchito yonse. Akatha masabatawo ajambulidwenso. Ngati timiyala sitikuchepa, kapena ngati ndi calcium oxalate, pamafunika opaleshoni yotsegula chikhodzodzo ndi kutichotsa. Timiyala tochotsedwato musatitaye. Pemphani kuti tipimidwe, chifukwa mtundu wake ndiwo udzanena chakudya chimene mphaka azidya moyo wake wonse. Kwa mphaka wamphongo amene njira yake imatsekeka mobwerezabwereza, ilipo opaleshoni ina yokulitsa potulukira mkodzo.

Chithandizo chimenechi chimalira ndalama, ndipo palibe chifukwa chobisira. Funsani mtengo poyambirira, ndipo muuzeni dokotala mosachita manyazi zimene mungakwanitse, kuti mugwirizane chochita. Choipitsitsa ndicho kumusiya mphaka kuseri kwa nyumba kuti afe pang'onopang'ono ndi ululu.

MANKHWALA A ANTHU NDI POIZONI KWA MPHAKA

Mwini mphaka wachifundo akaona chiweto chake chikulira, amathamangira Panado. Chonde musatero. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol monga chimachitira cha munthu. Mbulu umodzi wa mamiligalamu 500 ndi wokwanira kumupha. Magazi ake amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa, ndipo amabanika. Brufen ndi aspirin amaononga impso ndi chifu. Makapisozi otsala kwa wodwala wa m'nyumba sathandizanso, pakuti mwa amphaka timiyala tambiri timayamba popanda tizilombo, ndipo mankhwala opha tizilombo sasungunula mwala. Viniga, mandimu, soda ndi zitsamba zimene ena amalangiza zikhoza kukulitsa mtundu wa timiyala umene mphaka ali nawo. Safunsa adadya phula. Mankhwala ochepetsa ululu oyenera mphaka alipo, ndipo wopereka ndi dokotala wa ziweto.

KUSAMALA WODWALA KUNYUMBA

Mphaka akabwera kuchokera ku chipatala, musungeni m'chipinda chabata, chouma ndi chofunda, kutali ndi agalu ndi phokoso la ana. Ngati wachitidwa opaleshoni, asatuluke panja kapena kukwera pamwamba kwa masiku 10 kufikira 14. Kolala yooneka ngati fanelo imene dokotala amamuveka musaivule, chifukwa imamuletsa kumwetula ulusi wa pabala. Onani balalo tsiku ndi tsiku. Likatupa, likatuluka mafinya kapena likatseguka, bwererani msanga. Magazi pang'ono mumkodzo masiku oyambirira si achilendo. Koma dziwani kuti njira ikhoza kutsekekanso, makamaka m'masabata oyamba. Tsiku lililonse muzitsimikiza ndi maso anu kuti wakodza.

Madzi. Awa ndiwo mankhwala aakulu opewera timiyala ta mitundu yonse iwiri. Mphaka amafuna pafupifupi mamililita 50 a madzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kuwerengera ndi a m'chakudya omwe. Mphaka wa makilogalamu 4 amafuna mamililita 200, ndiko kuti pafupifupi kapu imodzi. Popeza iye safuna madzi mwa yekha, mwini wake ayenera kumunyengerera. Ikani mbale ziwiri kapena zitatu m'malo osiyanasiyana, pamthunzi, kutali ndi pokodzera. Mbale ikhale yotakata, pakuti amphaka ambiri sakonda kuti ndevu zawo zizikhudza m'mbali. Thirani madzi pang'ono m'chakudya chake. Msuzi wa nkhuku kapena nyama yophikidwa m'madzi okha umamukopa, koma usakhale ndi anyezi kapena adyo, chifukwa zimenezi zimaononga magazi a mphaka. Mkaka sulowa m'malo mwa madzi, ndipo amphaka akuluakulu ambiri amatsegula nawo m'mimba. Monga woyang'anira ukhondo ndionjezere kuti mbalezo muzizitsuka ndi kusintha madzi tsiku ndi tsiku, kuti zisasanduke moswera udzudzu.

Chakudya. Tsatirani chimene dokotala wanena. Chakudya chofewa chimaposa chouma. Ngati chapadera chija sichipezeka kapena mtengo wake wakulakani, musasinthe mwakachetechete. Kafunseni chimene chingalowe m'malo mwake. Posintha chakudya muzisakaniza chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Mphaka akakana kudya masiku awiri athunthu, kamuonetseni, chifukwa njala ya masiku angapo imaononga chiwindi, makamaka cha mphaka wonenepa. Pa chifukwa chomwechi, wonenepa achepetsedwe thupi pang'onopang'ono, osati pomumana chakudya.

Pokodzera. Mphaka amene adadwalapo timiyala akhale ndi pokodzera pake poti inu muzitha kuona. Beseni lakale lothiramo mchenga wouma ndi lokwanira. Mchenga ukhale woyererako kuti magazi azioneka. Mphaka wabwinobwino amakodza kawiri kufikira kanayi patsiku. Mukaona timalo tonyowa tambirimbiri tating'ono, kapena mchenga uli gwa wouma tsiku lathunthu, dziwani kuti zinthu sizili bwino. Ngati muli ndi amphaka angapo, aliyense akhale ndi beseni lake, ndi limodzi lapadera. Liikeni pamalo obisika, pakuti mphaka wamantha amasunga mkodzo.

Timiyala timakonda kubwerera, makamaka ta calcium oxalate. Tsono chisamaliro chimenechi si cha mwezi umodzi. Pitani naye kukapimitsa pa masiku amene dokotala wakupatsani, ngakhale akuoneka wathanzi.

UKHONDO WA BANJA POSAMALA MPHAKA

Tanena kuti timiyala sitipatsirana. Komabe beseni la mphaka lili ndi zoopsa zake. M'chimbudzi cha mphaka mukhoza kukhala mazira a njoka za m'mimba ndiponso tizilombo toyambitsa matenda a toxoplasmosis, amene ndi oopsa kwa mwana wosabadwa ndi kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka. Tizilomboti timayamba kupatsira pakatha tsiku limodzi kufikira asanu chitulukireni. N'chifukwa chake zoipa ziyenera kuoledwa tsiku lililonse. Gwiritsani ntchito fosholo yaing'ono, kwirirani zoipazo m'dzenje lakutali ndi chitsime ndi dimba la ndiwo zamasamba, ndipo sambani m'manja ndi sopo. Amayi oyembekezera asagwire ntchito imeneyi, ndipo ana asaseweretse mchengawo.

Beseni litsukidwe ndi madzi otentha ndi sopo kamodzi pa sabata. Dettol ndi Jeyes Fluid musazigwiritse ntchito pa ziwiya kapena pogona pa mphaka, chifukwa mankhwala ake ndi poizoni kwa iye akanyambita mapazi. Ngati mufuna kuthira Jik, yambani mwatsukuluza mkodzo wonse, popeza Jik akakumana ndi mkodzo amatulutsa mpweya wobanikitsa. Musungunuleni ndi madzi ambiri, tsukuluzaninso, ndi kuyanika beseni padzuwa.

Mphaka akakodza pamphasa musam'menye. Sakuchita mwano, akumva ululu, ndipo mantha amakulitsa matendawa. Pomunyamula mufungatireni m'thaulo kapena chiguduli. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Amphaka nawonso amadwala chiwewe. Pamene muli kwa dokotala wa ziweto, funsani ngati katemera wa chiwewe wa mphaka wanu adakali ndi mphamvu.

MAWU OTSIRIZA

Patapita miyezi ingapo ndidadutsanso pakhomo pa mayi aja. Pansi pa mtengo wa mango padali phale la madzi, pakhonde padali lina. Mphaka adali gone pamwamba pa nkhokwe. Iwo adaseka nati, "Bambo, zaka zonsezi ndimayesa mphaka samwa madzi. Lero ndimamutungira ngati mlendo."

Tsono awerengi okondedwa, kumbukirani mfundo izi:

1. Mphaka wamphongo amene akudzikakamiza osakodza afike kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.
2. Musam'patse Panado kapena mankhwala ena alionse a anthu.
3. Musafinye mimba yake.
4. Mtundu wa timiyala udziwike musanasankhe chakudya.
5. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse, m'mbale ndi m'chakudya momwe.
6. Olani zoipa tsiku ndi tsiku, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Madzulo ano, musanatseke chitseko, taonani ngati mlonda wa nkhokwe yanu ali ndi madzi akumwa.